Msilikali Wathu Wafika: Ubwenzi Wobadwira pa Miyambo Yokumbukira Nkhondo ku Netherlands

Pa 5 Meyi chaka chilichonse, tauni ya Wageningen ku Netherlands imadzaza anthu mpaka kusowa poponda. Mumsewu waukulu mumadutsa oimba malipenga ndi ng'oma, asilikali a perete, ndi magalimoto akale a nkhondo amene eni ake amawapukuta chaka chonse podikira tsikuli. Koma chisangalalo chenicheni chimabuka pakatulukira nkhalamba zowerengeka, zina pa zikuku, zina pa tigalimoto topanda denga, majekete atalemedwa ndi mamendulo, mabulangete ali pamiyendo. Apa anthu saugwiranso mtima. Mayi amakweza mwana wake m'mwamba kuti agwire dzanja la agogowo, wina amawaunjikira maluwa pamiyendo, wina amangoima misozi ili chuchuchu.

Ambiri mwa agogowa si Adatchi. Ndi a ku Canada, ku Britain, ku Poland ndi ku America. Ena amafika pa matakisi akuda a mumzinda wa London, amene amawoloka nyanja pa sitima. Madalaivala ake ndi a bungwe la Taxi Charity for Military Veterans, lomwe linayamba mu 1948 ku Fulham, ndipo amasiya ntchito masiku angapo, osalandira ngakhale khobidi, kuti akafikitse nkhalambazi kumene zinamenya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse zili anyamata.

Atolankhani amajambula perete. Zamadzulo, khamu litabalalika, sizituluka kawirikawiri pa kanema: agogo aja akutsika pakhomo pa banja lina lachidatchi, ana akuthamangira kukawalandira chikwama, mayi wapakhomopo akudziwa kale kuti tiyi amamwa wotani ndipo mankhwala awo ndi a nthawi yanji. Kwa zaka zambiri, asilikali akale zikwizikwi obwera ku miyambo imeneyi sankagona kuhotela. Ankagona m'nyumba za anthu wamba amene anachita kulembetsa kuti akufuna mlendo, ndipo ubwenzi umene wakhala zaka makumi unapalidwa m'nyumba zimenezo, pa thebulo lodyera.

Chimene chimachititsa dziko lonse kulimbirana alendo okalamba chonchi ndi njala imene linaiona. Ajeremani analowa m'dzikoli pa 10 Meyi 1940, ndipo patangotha masiku asanu linagonja, pakati pa mzinda wa Rotterdam pataphulitsidwa n'kusanduka phulusa. Mwa Ayuda pafupifupi 140,000 amene ankakhala m'dzikomo, oposa 100,000 anatengedwa n'kukaphedwa. Ndiyeno kunadza nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Ogwira ntchito ku njanji atanyanyala mu Seputembala 1944 pofuna kufooketsa Ajeremani, iwo anabwezera potseka njira zodzera chakudya. Chisanu chinafika choopsa, ngalande zoyenda maboti zinaundana. Ku Amsterdam, Rotterdam ndi The Hague anthu anayamba kuphika mizu ya maluwa a tulip, monga ena kuno kwathu anakumbira zitsa za nthochi m'njala ya 2002. Zitseko ndi matabwa a m'nyumba zosiyidwa zinathera pamoto. Anthu pafupifupi 20,000 anamwalira.

Choncho kwa mwana wa nthawi imeneyo, ufulu unafika ndi nkhope. Poyamba zinali ndege zoponya matumba a chakudya kuyambira pa 29 Epulo 1945, kenako mnyamata wachilendo ali pamwamba pa kasinja, akugawa chokoleti ndi masikono. Mwana amene anali ndi zaka 7 tsiku limenelo anali ndi zaka 47 mu 1985, ali ndi nyumba yakeyake ndi chipinda cha alendo. Ameneyo ndiye anadzatsegula chitseko.

Wageningen inatchuka chifukwa mu Hotel de Wereld ya m'tauniyi ndi mmene, pa 5 Meyi 1945, mkulu wa asilikali a ku Canada, Charles Foulkes, anakhala pansi ndi mkulu wa asilikali a Ajeremani, Johannes Blaskowitz, Kalonga Bernhard wa ku Netherlands ali pomwepo, kukambirana za kutula zida. Akatswiri a mbiri amakonda kukumbutsa kuti chikalata chachikulu chogonjera chinali chitasainidwa kale dzulo lake ku Lüneburg, m'dziko la Germany, koma zimenezo sizinaletsepo munthu kupita ku Wageningen. Asilikali a ku Canada oposa 7,600 anafa pomasula Netherlands. Ubale wa maiko awiriwa unali utayamba kale kumtunda: Mfumukazi ya m'tsogolo, Juliana, anathawira ku Ottawa, ndipo mwana wake Margriet anabadwira kumeneko pa 19 Januwale 1943, boma la Canada litalengeza kuti kwa kanthawi chipinda chachipatalacho si nthaka yake, kuti khandalo libadwe Mdatchi. Nkhondo itatha, banja lachifumu linatumiza mbewu za tulip 100,000 ku Ottawa, ndipo mpaka lero zimatumizidwabe chaka ndi chaka.

Zimenezo ndi za akuluakulu. Anyamata wamba anabwerera kwawo, anakwatira, analowa m'mafakitale ndi m'minda, ndipo ambiri za nkhondo anazitsekera mumtima. Ulendo wa pandege unali wodula, ana anali pasukulu. Anayamba kubwerera ambirimbiri cha m'ma 1980, atapuma pantchito, ndipo magulu a anthu ongodzipereka, monga Thank You Canada ndi Welcome Again Veterans, ndiwo ankagwira ntchito yolumikiza mlendo ndi khomo. Chimake chinali 1995, pokumbukira zaka 50. Ku Apeldoorn, mzinda umene asilikali a ku Canada anaumasula pa 17 Epulo 1945, khamu linadzaza misewu kotero kuti perete inkachita kukwawa, aliyense akufuna kupsompsona kapena kugwira chanza msilikali. Ku Canada anthu anaonera pa wailesi yakanema, ndipo ana ambiri tsiku limenelo ndi pamene anazindikira kuti bambo awo osalankhulalankhula aja kwinakwake ndi munthu wamkulu.

Pali chinthu chimene mabanja olandira alendowa amachitchula mobwerezabwereza: msilikali amene kwa zaka 40 sanauzepo mkazi wake kanthu ankamasuka pamaso pa anthu amene wawadziwa dzana. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Kwawo ku Ontario kapena ku Nova Scotia, akatchula dzina la mudzi kapena la ngalande, palibe ankadziwa kuti n'kuti, ndipo kufotokoza kunkafuna kuyambira patali. Ku Netherlands mwininyumba ankangoti khola limenelo lilipobe, tiyeni mawa tikalione. Ankapita, n'kukaima pamphambano pamene mnzake anagwera, mwininyumba ali chapatali kudikira ndi galimoto. Zikatha izi, munthu sakhalanso mlendo. Kunkatsatira makalata, makadi a Khirisimasi, kuitanirana maukwati, Adatchi nawonso kukwera ndege kukaona kumene agogo awo atsopanowa amakhala. Ana a m'nyumbamo ankakula akudziwa kuti ali ndi agogo atatu aamuna, wachitatuyo wolankhula Chingerezi.

Chodabwitsa n'chakuti ubale wolimba koposa uli pamalo pamene owombolawo analephera.

Pa 17 Seputembala 1944, asilikali a ku Britain anayamba kutera ndi maparachuti ndi ndege zopanda injini kufupi ndi mzinda wa Arnhem, kuti alande mlatho wa pa mtsinje wa Rhine. Onse pamodzi anali pafupifupi 10,000. Kagulu kotsogozedwa ndi John Frost kokha ndiko kanafika pamlathopo n'kugwira mbali imodzi kwa masiku ochepa. Otsalawo anapanikizidwa m'mudzi wa Oosterbeek. Usiku wa pa 25 Seputembala, amene anatha kuwoloka mtsinje kubwerera anali pafupifupi 2,400. Pafupifupi 1,500 anafa, oposa 6,000 anagwidwa. Ajeremani anathamangitsa anthu onse a mu Arnhem ndi midzi yoyandikana nayo, n'kusesa katundu m'nyumba zawo. Eni ake pobwerera mu 1945, ambiri anapeza zipupa zokhazokha.

Msilikali wopulumuka kumeneko anali ndi chifukwa choopera kubwererako. Anabwera ndi lonjezo la ufulu, anasiya mabwinja, ndipo anthu anakhalabe m'manja mwa mdani miyezi ina isanu ndi iwiri. Koma pa mwambo woyamba, mu Seputembala 1945, ana a sukulu a m'deralo anafika kumanda a asilikali ku Oosterbeek atanyamula maluwa. Mwambowo sunalekeke. Lamlungu lina la Seputembala chaka chilichonse, ana mazanamazana amalowa m'mizere ya manda oposa 1,700, aliyense n'kuima patsogolo pa mwala, kuwerenga dzina, kukweza maluwa m'mwamba, kenako kuwaika pansi. Ena mwa ana a zaka zoyambirira zija anatenga adiresi ya makolo kapena mkazi wa msilikali wogona pamanda awo, ndipo analemberana nawo makalata mpaka iwo eni kumera imvi.

Pafupi ndi tchalitchi chakale cha ku Oosterbeek pali nyumba imene asilikaliwa sankailambalala. Munkakhala mayi Kate ter Horst. Nkhondo itafika pakhomo, adokotala a asilikali anapempha malo oikapo ovulala ochepa. Pomatha sabata, m'nyumbamo munali ovulala pafupifupi 250, m'zipinda, m'makonde, pa masitepe, ana asanu a mayiwo atabisala m'chipinda cha pansi pa nthaka. Mankhwala atatha, mayiwo ankayenda pakati pa ovulalawo n'kumawawerengera Salimo 91 m'Chingerezi. Amene ankamwalira ankaikidwa m'dimba la kuseri. Nkhondo inawatsatirabe itatha: mu 1947 mwana wawo wamwamuna wamkulu anafa ataponda bomba lotsala m'dambo. Komabe geti lawo linakhala lotsegula Seputembala aliyense, amuna aimvi akubwera kudzaloza pamene anagona, mpaka mayiwo anamwalira mu 1992 atagundidwa ndi galimoto pafupi ndi nyumba yomweyo.

Ku Ede, tauni yapafupi, kunali nkhani ina. John Hackett, mmodzi wa akuluakulu a asilikaliwo, anavulala kwambiri m'mimba, ndipo omenyera ufulu mobisa anamuzembetsa m'chipatala n'kukamusiya kwa amayi apachibale a banja la de Nooij. Amayiwo anamubisa miyezi pafupifupi inayi, apolisi a asilikali a Ajeremani ali chapafupi pomwepo, n'kumagawana naye kachakudya kochepa ka m'nyengo ya njala ija, podziwa kuti akagwidwa ndi imfa. Hackett anathawa mu Febuluwale 1945 pa njinga ndi pa bwato, anadzakwera mpaka kukhala jenerale, koma ku Ede ankabwerako moyo wake wonse, ndipo mu 1977 anatulutsa buku lonena za banjalo lotchedwa I Was a Stranger.

Mu 1994 asilikali akalewa anaimika mwala wawo pafupi ndi hotela ya Hartenstein ku Oosterbeek, imene inali likulu lawo ndipo lero ndi nyumba yosungiramo mbiri. Mwalawo sutamanda iwo eni. Ndi wothokoza anthu a m'chigawo cha Gelderland, ndipo mawu ake amavomereza kuti asilikaliwo anabweretsa imfa ndi chiwonongeko koma eni dera sanawaimbepo mlandu. Miyala ya nkhondo yopepesa anthu wamba ndi yosowa. Ambiri mwa asilikaliwa anafika popempha kuti akadzamwalira, phulusa lawo lidzakwiriridwe ku Oosterbeek pafupi ndi anzawo, ndipo pa miyambo yotereyi mabanja achidatchi amene ankawasunga amaima limodzi ndi ofedwa.

Derali lili ndi njira zakenso zosonyezera chikondi. Loweruka loyamba la Seputembala, anthu zikwi makumi amayenda ulendo wapansi wozungulira malo a nkhondoyo, mwambo umene unayamba mu 1947, ndipo ndalama zake zakhala zikuthandiza asilikali akale ndi abale awo kulipira ulendo. Timu ya mpira ya Vitesse imavula yunifolomu yake yachikasu ndi yakuda pa masewero amodzi a mwezi umenewu n'kuvala mitundu ya asilikali a maparachuti aja. Mu 2019, a Sandy Cortmann a ku Aberdeen, amene anatera m'derali ali ndi zaka 22 n'kugwidwa ukaidi, analumphanso m'ndege pa dambo la Ginkel ali ndi zaka 97, atamangiriridwa kwa katswiri wa parachuti. Atabwerera kunyumba yosungirako okalamba ku Scotland, makalata mazanamazana ochokera kwa Adatchi osawadziwa n'komwe anawatsatira. Anamwalira mu Meyi 2020.

Ubwenzi woterewu ungaoneke ngati wa maluwa ndi misozi chabe, koma nthawi zina wakonza zimene maboma anaononga. Umboni wake ndi asilikali a ku Poland. Gulu lawo la maparachuti, motsogozedwa ndi Stanisław Sosabowski, linatera pa mudzi wa Driel pa 21 Seputembala 1944, kutsidya kwa mtsinje, zinthu zitavuta kale. Nkhondo italephereka, akuluakulu ena a asilikali a ku Britain anasenzetsa Sosabowski mlandu, ndipo pofika Disembala anali atachotsedwa pa udindo. Kwawo sakanabwerera chifukwa dziko linali m'manja mwa achikomyunizimu. Jenerale wathunthu anathera m'fakitale ku London ngati wantchito wamba, ndipo anamwalira mu 1967.

Ku Driel kunali mayi wina, Cora Baltussen, amene anathandiza kusamalira Apolishi ovulala m'masiku amenewo. Mayiyu sanawaiwale. Ankawalandira chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka makumi ankagogoda m'maofesi a boma kuti anthuwa alandire ulemu wawo. Anamwalira mu 2005, kutatsala miyezi yochepa kuti zitheke: pa 31 Meyi 2006 Mfumukazi Beatrix inapatsa gululo mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali m'dzikolo, ya Military William Order, ndipo Sosabowski anapatsidwa ya Bronze Lion ali kumanda. Chaka chomwecho asilikali akale a ku Britain anasonkha ndalama zawo n'kuimika chipilala chokumbukira Sosabowski ku Driel.

Mnzake Stanisław Maczek, amene akasinja ake anamasula mzinda wa Breda pa 29 Okutobala 1944 mosauononga kwenikweni, naye anaona zakuda. Boma lachikomyunizimu linamulanda unzika, Britain sinamupatse penshoni, ndipo ankagulitsa mowa m'bala ya hotela ina ku Edinburgh. A ku Breda atamva, meya wawo anakadandaula ku boma, ndipo Netherlands inayamba kumupatsa ndalama mwakachetechete. Atamwalira mu 1994 ali ndi zaka 102, anakaikidwa ku Breda pakati pa asilikali ake, monga anafunira.

Kummwera kwenikweni kwa dzikoli, pa mudzi wa Margraten, pali manda a asilikali a ku America pafupifupi 8,300, ndi khoma la mayina 1,722 a amene mitembo yawo sinapezeke. Kuyambira 1945 anthu a m'derali anayamba kutenga manda amodziamodzi kukhala awo: kuwayendera, kuikapo maluwa, kulembera kalata mayi wa mnyamatayo ku America. Kwa zaka zoposa 60 mbiri ya mandawa inkakambidwa popanda kutchula amene anawakumba. Anali asilikali akuda a gulu la 960th Quartermaster Service Company. Nthawi imeneyo gulu la nkhondo la America linkalekanitsa azungu ndi akuda, ndipo ntchito zolemetsa ndi zonyansa zinkagwera akuda. Ankakumba ndi mapiki ndi mafosholo, m'matope ndi m'nthaka youma ndi chisanu, magalimoto akutsitsa mitembo tsiku ndi tsiku. Ankaika m'manda azungu amene ali moyo sakanadya nawo pa thebulo limodzi.

Mmodzi wa iwo anali Jefferson Wiggins wa ku Alabama, sajeni wa zaka 19. Atabwerera kwawo anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wodziwika, koma za Margraten sankazikamba. Wofufuza mbiri wina wachidatchi, mayi Mieke Kirkels, amene ankasonkhanitsa zokumbukira za alimi a m'deralo, ankangomva okalamba akutchula asilikali akuda okumba manda, ndipo kufufuza kwake kunamufikitsa kwa a Wiggins. Poyamba bambowa sanafune kutsegula chilondacho. Kenako anavomera, ndipo mu Seputembala 2009, pa mwambo wokumbukira zaka 65, anaimanso pa munda uja n'kulankhula pamaso pa khamu. Awiriwa anakhala mabwenzi a ponda apa m'pondepo, n'kuyamba kulemba limodzi mbiri ya bambowa. A Wiggins anamwalira mu 2013, bukulo, From Alabama to Margraten, linatuluka chaka chotsatira, ndipo ntchitoyo inatsegula njira yofufuza asilikali akuda oposa 170 amene agona kapena kulembedwa mayina pamandapo.

Wowerenga wa ku Malawi sangamve izi osakumbukira agogo a King's African Rifles, amene pa nkhondo yomweyi anamenya ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi m'nkhalango za Burma. Amaoneka mu Novembala pa chipilala cha ku Zomba kapena cha ku Lilongwe, mamendulo ali pachifuwa, akuluakulu akuika nkhata za maluwa. Chimene a Wiggins anachipeza atakalamba, munthu wa kumalo kumene anakavutikira wochita kuwasakasaka ndi kukhala pansi kuwamvetsera, ambiri mwa agogo athuwa anapita osachilawa.

Si zonse za m'miyamboyi zili zokoma. Nkhondo itatha, asilikali a ku Canada zikwizikwi anakhala m'dzikoli miyezi ingapo kudikira sitima zowatengera kwawo. Atsikana achidatchi pafupifupi 1,900 anakwatiwa n'kupita ku Canada, koma ena ambiri anasiyidwa ndi pakati, ndipo ana zikwi zingapo anakula osadziwa bambo, ena akunyozedwa, ena akubisiridwa chilungamo ndi amayi awo omwe. Pamene anzawo ankapita ku perete kukathokoza, iwowa ankapita ndi kachithunzi kakale kapena dzina loyamba lokha, kuyang'ana nkhope za nkhalamba zodutsa. Olga Rains, mmodzi wa akazi amene anakwatiwa ku Canada, pamodzi ndi mwamuna wake Lloyd, anayambitsa Project Roots mu 1980 kuti athandize anthuwa kupeza abambo awo, ntchito yovuta chifukwa malamulo a ku Canada oteteza zinsinsi za munthu sankalola maofesi kupereka maadiresi. Ena anapezana n'kukumbatirana. Ena anatsekeredwa chitseko kachiwiri.

Palinso nkhani ya Indonesia. Dziko lomwe linkavina m'misewu mu Meyi 1945 posakhalitsa linatumiza asilikali ake kukakaniza ufulu anthu amene linkawalamulira, pa nkhondo imene inatha mu Disembala 1949. Zinatenga mpaka Febuluwale 2022 kuti nduna yaikulu ya nthawiyo, Mark Rutte, ipepese chifukwa cha nkhanza zoopsa za pa nkhondoyo. Kuthokoza wokumasula kunafulumira. Kuvomereza kuti nawe unapondereza ena kunachedwa zaka zoposa 70.

Ndipo pamene asilikali akalewa ankachepa, ena anayamba kuwaona ngati anthu otchuka ongojambulitsa nawo. Agogo a zaka 99 amazunguliridwa ndi mafoni, achinyamata ovala mayunifolomu akale a nkhondo imene sanaione akupanikizana kuti alowe m'chithunzi. Mabanja amene anawasunga kwa zaka 30 amadziwa kusiyana kwake, chifukwa ndi iwo amene amaona kutopa kwawo madzulo, kuwavula nsapato ndi kuimbira foni ana awo kutsidya kwa nyanja kuti zonse zili bwino.

Msilikali amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anakwanitsa 98 mu 2025. Mwambo waukulu wa zaka 75, umene ambiri ankauwerengera ngati ulendo wawo wotsiriza, unalephereka mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ambiri sanafike pa wa zaka 80. Amene anabwera mu 2025 anali owerengeka, aliyense ndi womusamalira pambali. Amene akudzaza zipinda za alendo zija tsopano ndi ana ndi zidzukulu, ena atavala mamendulo a malemu kudzanja lamanja la chifuwa, monga mwambo umanenera kwa amene sanawapate okha. Olandira nawonso asintha: ndi ana a eni nyumba aja, amene anatengera ubalewu pamodzi ndi mabokosi a makalata.

Ku Holten, kumene kwagona asilikali pafupifupi 1,400, ambiri a ku Canada, ana a sukulu amayatsa kandulo pa manda alionse madzulo a pa 24 Disembala, mwambo umene unayamba mu 1991. Ku Margraten, kuyambira 2015, anthu ongodzipereka akhala akusaka zithunzi za asilikali onse kuti aziziimika pafupi ndi mitanda pa masiku okumbukira, ndipo kusakako kwalumikiza mabanja atsopano a ku America ndi a m'derali amene sankadziwana. Manda onse ndi mayina onse a pakhoma ali ndi owasamalira. Ambiri amasiyirana m'banja, kuchoka kwa agogo kupita kwa mdzukulu, kotero kuti ofuna kutenga manda akhala akudikira zaka kuti papezeke malo.